Tsiku lomaliza ku Bangkok musaliyese la tchuthi

Ine maganizo anga ndi akuti tsiku lomaliza ku Bangkok muziliwerengera ku ulendo wobwerera kwanu. Amene amasungira Grand Palace kapena msika wa Chatuchak tsiku limeneli ndi omwe aja mumawaona pabwalo la ndege thukuta lili kamukamu, atagwada pansi akulimbana ndi zipi ya chikwama.

Choyamba, werenganinso tikiti. Ndege ya Ethiopian yopita ku Addis Ababa, komwe opita ku Lilongwe amasinthira, imanyamuka 12 koloko usiku itadutsa. Tikiti ikalemba Lachiwiri 1 koloko usiku, ndiye kuti pabwalo mukafike Lolemba usiku. Wofika Lachiwiri madzulo amapeza ndege idapita kalekale. Onaninso dzina la bwalo, chifukwa alipo awiri: Suvarnabhumi kum'mawa ndi Don Mueang kumpoto, ndipo ndi otalikirana.

Mahotela ambiri amafuna chipinda chawo pofika 12 koloko masana. Longezani usiku wa dzulo lake, katundu musiye pa risepushoni, akupatseni kakhadi. Zikwama muyezeretu pa sikelo, chilichonse chisapitirire makilo omwe alembedwa pa tikiti, nthawi zambiri 23. Pawabanki ikhale m'chikwama cha m'manja. Mafuta odzola ndi sosi zopitirira mamililita 100 zilowe m'chikwama chachikulu, apo ayi mukazisiya pa sekyulite.

Pomwe anthu amatayapo ndalama osadziwa ndi pa VAT. Msonkhowu ku Thailand ndi 7 peresenti, ndipo mlendo amabwezeredwa gawo lake, koma pali malamulo. Sitolo ikhale ya chikwangwani cha VAT Refund for Tourists, mugule za ma baht (ndalama za ku Thailand) 2,000 kapena kuposa m'sitolo imodzi tsiku limodzi, ndipo fomu ya P.P.10 akulembereni tsiku lomwelo mutaonetsa pasipoti. Mukabwerera mawa lake ndi lisiti lokha, akukanizani. Matebulo a ku msika sapereka fomuyi, musavutike n'kufunsa komwe. Pabwalo, ngati zogula zanu zonse zapitirira ma baht 20,000, a kasitomu azione ndi kudinda fomu musanapereke zikwama ku kauntala ya ndege. Chikwama chikangolowa pa lamba, palibenso choti muonetse. Ndalamazo mumakalandira mkati, mutadutsa ku imigireshoni.

Nanga mayendedwe? Ine ndimaikira kumbuyo sitima ya Airport Rail Link. Kuchokera pa siteshoni ya Phaya Thai kukafika ku Suvarnabhumi ndi pafupifupi mphindi 30, mtengo ma baht 45, ndipo imasiya kuyenda cha m'ma 12 koloko usiku. Vuto lake n'lakuti anthu akamaweruka ku ntchito imadzaza thothotho, ndiye ndi zikwama ziwiri zikuluzikulu mutopa nazo. Takisi ndi yabwino kwa wa katundu wambiri, bola dalaivala ayatse mita, ndipo ndalama za pa msewu wolipira zimachoka m'thumba mwanu. Koma Lachisanu madzulo, kapena mvula ikagwa, makamaka pakati pa May ndi October, msewu wa Sukhumvit umaima njii. Ulendo wa mphindi 45 umasanduka wa maola awiri. Pabwalo fikani patatsala maola atatu, wa VAT awonjezepo theka la ola.

Ma baht otsala musabwere nawo kumudzi, mudzasowa kosinthira. Sinthani akhale madola pa nsanjika yapansi penipeni ya Suvarnabhumi, pafupi ndi sitima, pomwe pali malo osinthira ndalama a SuperRich. Mtengo wake umaposa wa mabanki a pamwamba. Makobili sasintha, guliranitu madzi.

Pa zakudya, tsikuli si loyesera som tam, saladi ya mapapaya osapsa, ya nkhanu zosaphika. Kukafika ku Addis ndi maola pafupifupi 9, ndipo zimbudzi za m'ndege n'zowerengeka. Khao man gai, mpunga wa nkhuku yowiritsa, ndi wokwanira. Chipatso cha durian chisiyeni, fungo lake salilola m'sitima ngakhale m'mahotela ambiri.

Chidindo cha mu pasipoti chiyang'aneni m'mawa womwewo. Tsiku lililonse lopitirira pa lomwe adakulolani amalipiritsa ma baht 500, mpaka kulekeza pa 20,000, ndipo mumalipira ku imigireshoni komweko musanakwere ndege.