Wapolisi wopanda mfuti ndi sefa yotsegulidwa ndi kiyi

Anzanga amandiseka kuti ndimataya nthawi ndi mafilimu akalekale a ku Britain opanda mitundu, aja a apolisi ofufuza milandu ya kuba. Amati mulibe chosangalatsa, palibe zibakera, palibe kuwomberana. Ine chimene amadana nachocho ndi chimene ndimawakondera.

Tengani The Long Arm ya mu 1956, yopangidwa ndi a Ealing Studios motsogozedwa ndi Charles Frend. Usiku alamu yalira pa kampani ina mu London. Apolisi afika, alandiridwa ndi mlonda waulemu wake, awazungulitsa, aona kuti zonse zili bwino, abwerera. Kutacha, ndalama mu sefa mulibe. Mlonda weniweni anali gone m'chipatala, amene anawalandira uja ndiye mbavayo! Sefanso sanaiphwanye, anaitsegula ndi kiyi ngati mwini wake.

Jack Hawkins ndiye akusewera ngati Halliday, mkulu wa ofufuza ku Scotland Yard, likulu la apolisi a mu London. Ndimadikira kuti mwina akuwa kapena amenya munthu, koma ayi. Akhala pansi kuunguza mafayilo akale mpaka apeza kuti masefa obedwa mwa njira imeneyi m'madera osiyanasiyana anapangidwa ndi kampani imodzi. Apita kukafunsa mayina a onse amene anagwirapo ntchito kumeneko. Kenaka sefa ina ibedwanso, galimoto yothawira wakubayo igunda mnyamata wina amene ankapita ku ntchito m'mamawa, mnyamatayo n'kumwalira. Galimotoyo ipezeka itatayidwa, m'kati muli nyuzipepala yakale. Nyuzipepala yokhayo, imene wina akanangokulungira tchipisi, iwatenga apolisiwo pa sitima mpaka kumpoto kwa Wales. Mapeto ake achitikira pa Royal Festival Hall, holo yaikulu ya zoimbaimba mu London.

Ndikaonera zimenezi ndimakumbukira tsiku limene anatithyolera nyumba n'kutenga wailesi, zofunda ndi makina osokera a mayi anga. Katunduyo sanandipweteke mtima kwambiri ngati maganizo akuti munthu wachilendo wayenda m'chipinda mwathu, watsegula sutikesi, wagwira zovala zathu. Miyezi ingapo ndinkadzidzimuka galu akangouwa. Mafilimu ambiri a masiku ano kuba amakuonetsa ngati masewera a anyamata ochenjera, woonera n'kumawombera m'manja akuba. Akale aja amaima mbali ya wobedwayo, ndipo amaonetsa kuti kugwira mbala ndi ntchito yotopetsa: kugogoda khomo ndi khomo, kufunsa funso limodzi kwa anthu makumi awiri, kufika kunyumba nsima itazizira ana atagona.

Sindikunena kuti zonse ndi zoona. Apolisi a m'mafilimuwa ndi oyera mtima mopitirira muyeso, ziphuphu sizioneka, wosalakwa sazunzidwa. The Blue Lamp ya mu 1950 inapangidwa mothandizidwa ndi apolisi a mu London eni ake, ndipo zimaonekeratu. George Dixon, wapolisi wachikulire amene anawomberedwa n'kufa mufilimuyo, anthu anamukonda kwambiri moti BBC inamubwezeretsa pa TV mu 1955, pulogalamu yake n'kukhalapo mpaka 1976.

Komabe ndikanakonda mwana aliyense wofuna kulowa upolisi ataona Halliday akutembenuzatembenuza nyuzipepala ija, kufunafuna kachizindikiro kosonyeza kumene inagulitsidwa. Makina a mayi anga sanapezeke mpaka lero.