Akuti munthu wa ku Blantyre sangadziwe za phiri

Dzulo m'mawa bwana wa hotela imene ndimagwirako ntchito kuno ku Tyrol, m'dziko la Austria, anandituma kukatenga mabulangete kunyumba ina ya kuseri kwa phiri. Nditakana, anandiseka pamaso pa anzanga onse n'kunena kuti munthu wa ku Africa sangamuphunzitse za sinowo, chipale chofewa chimene chimagwa kuno nyengo yozizira. Mawu amenewo andisowetsa tulo.

Sinowo inali itagwa masiku awiri osalekeza, ndipo mphepo inkaikokolola n'kumaiunjika kumtunda kwa kanjira komwe ndinayenera kudutsa. Oona za ngozi anali atalengeza kuti chiopsezo cha chigumukire cha sinowo chafika pa mlingo 4, pomwe milingo yonse ilipo 5. Bwanayo akudziwa bwino lomwe kuti sinowo yatsopano ikasanjikizana pa yakale yosalimba, pamalo otsetsereka madigiri 30 kapena kuposerapo, phazi la munthu mmodzi likhoza kugumula mbali yonse ya phiri, komanso kuti wokwiririka akapanda kufukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira mwayi wopulumuka umachepa kwambiri. Ku Galtür, m'chigawo chomwechino, anthu 31 anafa chotero mu 1999. Alendo akamakwera phiri amanyamula fosholo, ndodo yofufuzira ndi kachipangizo kothandiza kuti apezeke pansi pa sinowo, koma ine bwanayo anandipatsa magolovesi obooka zala.

Za kugona anthu anayi m'kachipinda kamodzi, lendi n'kumadulidwa pa malipiro, mukuzidziwa kale. Pemiti yanga yogwirira ntchito, monganso ya anzanga, ili m'dzina la hotelayi, n'chifukwa chake ngakhale anzanga amene anaona zonse anangoweramitsa mitu. Inunso abale anga a ku Ndirande mumaimba foni mwezi ukangotha, osafunsa n'komwe kuti ndalamazo ndazipeza bwanji. Zonsezi ndapirira, koma kundiuza kuti sindidziwa phiri kwandilasa mtima.

Ine ndinali ku Chilobwe mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche. Ndinamva mkokomo wa miyala ndi matope, ndipo ndinagwira nawo khasu pofukula anthu amene tinkapemphera nawo limodzi. Phiri likakhuta, kaya ndi mvula kaya ndi sinowo, limatsika, ndipo ine ndinaliona likutsika.

Amayi, pamene munkandiperekeza ku Chileka munandiuza kuti ndidzabwere ndikuyenda ndi miyendo yanga. Ndakana kudutsa kanjira kaja chifukwa cha mawu amenewo. Nyengo yozizira ikatha mu Epulo ndikubwera, ngakhale malata a nyumba yanu ndisanamalize kugula.