Mwano wa pamsewu ukupweteka amphawi anzanu

Dzulo madzulo pa Biwi mumzinda wa Lilongwe, pamsewu wa M1, mnyamata wina wojintcha anadutsa kutsogolo kwa minibasi imene ndinakwera, manja ali m'matumba, akuyenda mwachifatse ngati ali pabwalo la kwawo. Dalaivala ataponda mabuleki mwadzidzidzi, mayi amene anakhala pafupi nane anamenyetsa chipumi pachitsulo cha mpando wakutsogolo, tomato amene anali m'beseni pamiyendo pake n'kumwazikira kunsi kwa mipando. Mnyamatayo sanafulumire ndipo sanapepese, koma anaima pakati pa msewu, namenya galimotoyo ndi chikhatho, n'kukuwa kuti, "Ndigunde uone, msewu si wa bambo ako!"

Mpaka pano mtima wanga sunatsike. Kodi ankakhaulitsa ndani? M'minibasi muja munalibe nduna, munalibe bwana wa ku Capital Hill kapena mwini mpanda wa ku Area 43. Munali amayi a geni, alonda opita kuntchito ya usiku ndi ana asukulu obwerera ku Area 36, anthu amene mitengo ya ufa ndi makala ikuwapweteka monga mmene ikumupwetekera iyeyo. Mkwiyo wake wonse unathera pa amphawi anzake, ndipo khalidwe limeneli lafala ku Mchesi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene ena amaona ngati kuimitsa galimoto ndi chifuwa ndiyo njira yosonyezera kuti nawonso ndi anthu.

Ena ayankha kuti chisamukire likulu kuchoka ku Zomba mu 1975 mzinda uno wakhala ukukonzedwera a galimoto, ndipo kuti wa ku Mtandire amene amaona phula la ku Area 47 iye akuponda matope ali ndi chifukwa chokwiyira. Zimenezo n'zoona, koma umphawi sulimbitsa mafupa. Galimoto ikakuwombani, amene amagona pachipatala cha Kamuzu Central mwendo uli m'chikhakha ndi inu, amene amasiya geni yake kuti akakudikirireni ndi mayi anu, ndipo amene amasowa ya lendi mwezi ukatha ndi ana anu. Mwini Prado ali ndi inshulansi, ndipo mawa lake amadzuka n'kupita kuofesi. Ngakhale atagwada n'kupepesa, akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Mwano umenewu sunamangitsepo mlatho wa oyenda pansi, sunatsitsepo mtengo wa chimanga, sunachititsepo manyazi wolemera aliyense. Umangochulukitsa maliro m'makomboni momwemo mmene anthu amachita kusonkherana ya bokosi.

Chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti ana aang'ono akuonera. Mwana wa Sitandade 2 akaona mkulu wake akunyoza lole ndi maso, naye amayesa zomwezo, pomwe dalaivala wa lole yodzaza simenti sangamuone n'komwe ali pafupi ndi tayala.

Nanga inu madalaivala a minibasi amene mumaimika galimoto pamizere yoyera yowolokera kuti kondakitala aitanire anthu, mukufuna nkhalamba yoyendera ndodo iwolokere pati? A kabaza a njinga zamoto nawo asandutsa tinjira ta m'mbali mwa msewu kukhala msewu wawo, amakuimbira hutala kumsana ngati wolakwa ndiwe, ndipo ku depoti malo otsalawo mavenda anayalapo kale kaunjika.