Kutseka nyanja: ife, a ku Zambia, a ku Tanzania ndi a kutsidya

Novembala akamayandikira, pa madoko a kuno ku Salima, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, pamabuka mkangano womwewo wa chaka ndi chaka. A Fisheries amati makoka apume kuti chambo chiswane. Eni makoka ndi alovi awo amati nanga ana adya chiyani. Kenako wina amene anayendako amaponyapo mawu: "Kukanakhala ku Tanzania maukonde anuwa akanapsa kalekale." Wina amayankha kuti ku Mozambique kulibe zovutitsana zoterezi. Onse awiri akunena zoona pang'ono, koma nkhani yake ndi yotalikirapo.

Chimene tikukanganiranacho chili m'madzi ofika m'chiuno. Chambo chachimuna chimakumba chisa chozungulira mumchenga, m'madzi osaya. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo ana akaswa amathawirabe m'kamwa mwa mayi wawo akaona choopsa. Khoka likamakokedwa kuchokera kumtunda limadutsa pa zisazo n'kuzisalaza. Amene anaimapo pafupi khoka likufika pamchenga m'miyezi imeneyi anaona chambo chikuphiriphitha, kukamwa kukutuluka tiana tosaoneka bwino n'komwe, tikuuma padzuwa anthu ali kalikiliki kudzaza mabeseni. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za zamoyo zimene zili pangozi yakutha padziko lonse, linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja yathu, ndipo linapeza kuti mitundu itatu mwa inayi ya chambo ili pafupi kutheratu. Ku nyanja ya Malombe zinachitika kale: chambo chinagwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka lero sichinabwererenso mwakale.

Malamulo tili nawo, ndipo si oipa. Pali lamulo la usodzi la 1997, pali makomiti a m'madoko aja timangoti ma BVC, pali muyeso woti chambo chosakwana masentimita 15 chisagwidwe. Pamene timasiyana ndi a ku Zambia ndi malo amene lamulolo limakagwirira munthu. Kwawoko, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, madzi ambiri monga Bangweulu, Mweru ndi Kafue amatsekedwa kwa aliyense, posayang'ana kuti ali ndi ukonde wanji. Chiletsocho chimaitsatira nsomba mpaka pamsewu. Wonyamula dengu la nsomba m'miyezi imeneyi amafunsidwa chikalata chosonyeza kumene yachokera, akapanda kuonetsa, katundu amalandidwa. Kwathu kuno chiletso chimagwira mitundu ina ya maukonde yokha, ndiye nsomba ikangotsika m'bwato yasanduka yovomerezeka. Wogulitsa amangoti inakodwa m'matchera kumadzi akuya, ndipo palibe angamutsutse. Kasawala, chambo chosakhwima chija, amakwera minibasi kupita ku Lilongwe masanasana, n'kukayalidwa pamsika pamaso pa aliyense. Timathamangitsana ndi msodzi usiku panyanja, pamene kugwira munthu n'kovuta ndiponso kodya mafuta ambiri, koma wogula amene akumutuma timamuleka akudutsa pamsewu umodzi wodziwika.

Sikuti ku Zambia kulibe ozemba. Aliko, ndipo madandaulo a njala m'miyezi ya chiletso amamveka chaka chilichonse. Komabe pa mfundo yoti lamulo lifike pamsewu ndi pamsika, atiposa.

A ku Tanzania njira yawo ndi ya moto weniweni. Mu 2018, nduna yoona za ziweto ndi usodzi pa nthawiyo, a Luhaga Mpina, inatsogolera ntchito yotchedwa Operation Sangara pa nyanja ya Victoria. Maukonde oletsedwa anaunjikidwa milumilu n'kutenthedwa, anthu analipitsidwa zindapusa zowawa. Zinafika poti akuluakulu a zausodzi analowa m'chipinda chodyera cha Nyumba ya Malamulo ku Dodoma ndi rula m'manja, n'kuyamba kuyeza nsomba zimene aphungu amati adye. Aphungu anakwiya, anthu anaseka, koma ine ndimati apo panali nzeru: rula ija inafika pa mbale ya munthu wamkulu. Ku nyanja ya mchere nakonso, kumene asodzi ena ankaphulitsa mabomba m'madzi n'kuphwanya matanthwe amoyo amene nsomba zimaswerana, mchitidwewo unatsika kwambiri boma litalimbitsa dzanja. Ngakhale majumbo, iwo analetsa pa 1 Juni 2019 ndipo anasowadi m'misika. Ife tinaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kukhala ikuzungulira m'makhoti zaka ndi zaka, majumbo akuyandama pa doko lililonse.

Koma amene amasirira moto wa ku Tanzania asaiwale kuti ukonde umene umapsa nthawi zambiri ndi wa munthu wosauka, wogula ndi ngongole. Amene anauitanitsa kunja n'kuugulitsa m'sitolo sapsa naye limodzi. Mantha nawonso amatha msanga. Operesheni ikadutsa, maukonde a twaini woonekera aja amayamba kubwerera mmodzimmodzi. Ukonde woterewu ukaduka, msodzi amangousiya m'madzi poti ndi wotchipa, ndipo umapitiriza kupha nsomba popanda wokaonjola.

Kutsidya, kumene mapiri ake timawaona bwino tikaima ku Nkhotakota kunja kukayera, anasankha njira ina. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza kuti mbali yawo ya nyanja, imene amaitcha Lago Niassa, ndi malo otetezedwa, ndipo inalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ndi nyanja zofunika padziko lonse. Ali ndi makomiti a asodzi ofanana ndi ma BVC athu. N'zabwino, koma tisanamizane: chimene chasunga nsomba za ku Metangula ndi ku Cóbuè kwambiri ndi kuchepa kwa anthu ndi kutalika kwa misika. Chigawo cha Niassa ndi chachikulu koma anthu ake ndi apatalipatali. Ife mzinda waukulu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pano, ndipo ndiwo umazifuna tsiku ndi tsiku. Si chinsinsi kuti mabwato ena a kuno amawolokera konko kwathu kukauma. Ndiye amene amati kutsidya kulibe zovutitsana akutanthauza kuti kulibe owaona.

Ifenso tili ndi malo otetezedwa, ndipo tinayamba kale kuposa iwo. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuilemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo zilumba za Maleri zimene zili pafupi ndi kuno zili m'kati mwake. Mbuna za m'miyala ya kumeneko zikadalipo mitundumitundu. Koma pakiyo ndi kachigawo kakang'ono ka nyanja yonse.

Chimene sindinamvepo kwa anzathu onsewa n'chimene chili ku Mbenji. Chilumba chimenechi, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira konkuno ku Salima, chimatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa mu Epulo, ndipo zakhala choncho kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nthawi yotseka ikakwana aliyense amapasula msasa n'kuwolokera kumtunda, ku Chikombe. Nthawi ya usodzi, pachilumbapo mowa saloledwa, chamba ayi, juga ayi, ndipo akazi saloledwa kupondapo. Lamulo lomalizali ena a ife silitisangalatsa, ndipo ndi nkhani yoyenera kukambirana payokha. Wolakwa amaweruzidwa ndi anthu omudziwa, ndipo akhoza kuthamangitsidwa pachilumbapo. Kwa msodzi wa utaka, chilango chimenechi n'chowawa kuposa chindapusa cha kukhoti, chifukwa anzake amakhala akudzaza mabwato iye ali kumtunda. Miyezi yotseka ndi yomweyonso ya kumunda, ndiye munthu sakhala manja lende. Chachikulu n'chakuti amene wapirira miyezi inayi ndi yemweyo amene amadzakolola Epulo akafika. Pa doko wamba, ukapumitsa khoka lako, wina wochokera kutali amabwera usiku n'kukokolola zonse, iwe n'kusanduka chitsiru. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Palibe angasiye nsomba lero ngati sakudziwa kuti mawa idzakhala yake.

Mbenji n'chilumba, n'chosavuta kulondera, ndipo mfumu yake imamveredwa. Sitingangonyamula dongosololi n'kukaliika ku Chia kapena ku Senga Bay kumene anthu amalowera mbali zonse. Komabe phunziro lake loti dera la madzi likhale ndi eni ake odziwika, okhala ndi mphamvu yobweza mlendo wophwanya lamulo, ndi limene ma BVC ambiri akusowa. Ali ndi mabuku ndi maudindo, mano alibe.

Zinanso sizichokera m'bwato n'komwe. Mvula yoyamba ikagwa, imani pafupi ndi pamene Linthipe amathirira m'nyanja muone madzi ofiira akulowa kutali. Ndi dothi la minda ya ku Dedza ndi ku Lilongwe, kumene mitengo inatha ndipo anthu akulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Matope amenewa amakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere, amakwiriranso timiyala ta m'mitsinje pamene mpasa imaikira mazira. Mpasa ikukwerabe mtsinje wa Bua chifukwa gawo lake lina limadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015. Ntchila, imene agogo athu ankaidya osaiwerengera, ana ambiri a lero sanaionepo.

Apa ndi pamene kuyerekeza dziko ndi dziko kumaperewera, chifukwa nyanjayi ndi ya mayiko atatu koma palibe bungwe limodzi loyendetsa usodzi wake wonse. Victoria ili nalo, linakhazikitsidwa mu 1994 ndipo likulu lake lili ku Jinja. Tanganyika ili nalo, la Burundi, Congo, Tanzania ndi Zambia, ndipo anagwirizana zotseka nyanja kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 15 Ogasiti. Tanzania inachita zimenezi mu 2024 ngakhale asodzi ake anadandaula kwambiri. Ife ndi Tanzania tikakhala pansi, nkhani imathera pa malire: ife tikugwira pangano la Britain ndi Germany la 1890 loti malire ali m'gombe la kwawo, iwo akuti ali pakati pa madzi. Mkanganowu unakula mu 2012 chifukwa cha ziphaso zofufuzira mafuta pansi pa nyanja, mtsogoleri wakale wa Mozambique a Joaquim Chissano anayesa kuyanjanitsa, osatheka. Ndi Mozambique malire a m'madzi ndi odziwika, komabe katsekedwe ka nyanja aliyense ali ndi kake.

Kusowa kwa bungwe lotereli kumandiopsa kwambiri pa nkhani ya nsomba zachilendo. Ku Victoria anaponyamo sangara (Nile perch) m'zaka za m'ma 1950 pofuna nsomba yaikulu ya malonda, ndipo inathandiza kumaliza mitundu yambirimbiri ya tinsomba tofanana ndi mbuna ndi utaka wathu. Malawi imakaniza kuweta Nile tilapia m'dera limene madzi ake amathera m'nyanja, ngakhale alimi a nsomba amadandaula kuti makumba athu amakula mochedwa pamene anzawo a ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ku Zambia akulemera nayo. Koma akatswiri anaipeza kale nsombayi m'madamu a mbali ya Tanzania, m'dera lomwelo lothira madzi m'nyanja yathu. Ndi wachibale wa chambo, imalimbirana nacho chakudya ndi malo oswerana, ndipo kwina kumene inalowa yakhala ikukwerana ndi nsomba za komweko mpaka mtundu kusokonezeka. Damu limodzi likasefukira m'nyengo ya mvula, palibe mfumu, rula kapena chikalata cha pamsewu chimene chingaibweze.