Zimene ndimadya 3 koloko usiku

Anzanga amene mukugwira ntchito ya care kuno ku UK, izi mukuzidziwa. Nthawi ili 3 koloko usiku, mabelu asiya kulira, mwapatsidwa mphindi 20 zopumira. M'chikwama muli lasagne ya m'kapulasitiki yogula pamtengo wotsitsa, paketi ya makirisipi, ndi kachitini kaja kothamangitsa tulo. Mphindi zinayi mu microwave, basi mwadya. Ineyo ndadya chonchi zaka zitatu.

Sabata yatha ndili mkati mwakudya, agogo ena a kuchipinda chakumapeto anatuluka atavala chijasi pamwamba pa zovala zogonera, kachikwama kali m'manja. Akuti achedwa kusukulu, ana akuwadikira. Anali aphunzitsi kalelo. Lero mwana wawo weniweni akabwera Lamulungu amamufunsa kuti ndinu ndani. Ndinawabweza, kuwagoneka, kuwafunditsa. Pobwerera ndinapeza chakudya chazizira, ndiye ndinangoyamba kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwa paketi. Zambiri mwa zinthu zolembedwazo sindinazionepo m'khitchini ya munthu aliyense.

Sindikunena kuti agogowo anadwala chifukwa cha lasagne, ayi. Koma kuyambira usiku umenewo mtima wanga sunakhazikike.

Zakudya zoterezi amazitcha ultra-processed, dzina limene analitchukitsa ndi Carlos Monteiro, katswiri wa ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil, mu 2009. Sankanena za chakudya chilichonse chimene chadutsa m'manja mwa munthu. Mgaiwa wakuchigayo, mfutso, usipa wouma, chiponde chosinja pamtondo, zimenezo mulibe mlandu. Iye ankanena za zinthu zimene fakitale yaphwanya chimanga, soya kapena tirigu mpaka kutsala sitachi, mafuta ndi shuga, kenako n'kuziumbanso pothiramo utoto, fungo lopanga ndi mankhwala oti zisaonongeke. Zakumwa zotsekemera, mabisiketi, masoseji, poloni, manoodles a mphindi ziwiri. Kuno ku Britain, kuposa theka la mphamvu imene munthu wamkulu amapeza m'chakudya imachokera ku zoterezi. Ndipo ndi kuno komwe matenda oiwalaiwala, dementia, akhala akutsogola pa matenda opha anthu ku England ndi Wales.

Mu 2022 magazini ya madokotala yotchedwa Neurology inatulutsa kafukufuku wa anthu oposa 72,000 a kuno, azaka 55 kupita m'mwamba, amene anawatsatira kwa zaka pafupifupi 10. Anthu 518 anapezeka ndi dementia. Chakudya cha m'fakitale chikachuluka ndi 10 peresenti pa zimene munthu amadya patsiku, chiopsezo chinkakwera ndi 25 peresenti. Chaka chomwecho ku Brazil anatsatira anthu 10,775 kwa zaka pafupifupi 8, n'kupeza kuti amene ankadya kwambiri zoterezi nzeru zawo zinkatsika mofulumirirapo ndi 28 peresenti. Mu 2025 kunatulukanso wina wa ku America, wa anthu oposa 42,000, wokhudza matenda onjenjemera aja a Parkinson: odya zoterezi magawo 11 kapena kuposa patsiku ankapezeka kwambiri ndi zizindikiro zimene zimatsogola matendawa, monga kudzimbidwa, kusamva fungo ndi kuphiriphitha kutulo.

Pali mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira limodzi. Nditamuuza izi anaseka, akuti kodi amene amadya zimenezi si ife amene tilibe ndalama, osagona, osapeza nthawi yoyenda ndi kuwongola miyendo? Ndiye mudziwa bwanji kuti cholakwa ndi paketi osati umphawi? Akunena zoona. Akafukufukuwa anangoona kuti ziwirizi zimayendera limodzi, sanagwire wakuba ali m'munda. Ngakhale gulu la akatswiri a magazini ya madokotala ya Lancet, limene mu 2024 linatchula zinthu 14 zopeweka zimene zikukhudza pafupifupi 45 peresenti ya dementia, silinaikepo chakudya cha m'fakitale pamndandandawo.

Koma taonani zimene zilipo pamndandandapo: BP, shuga, kunenepa kwambiri, mafuta oipa m'magazi. Nanga zimenezi zimalowera khomo liti? Mu 2019 katswiri wina, Kevin Hall, ku America anasunga anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku, masabata awiri akudya za m'fakitale, awiri ena akudya zophika bwinobwino, aliyense kudya mmene wafunira. Pa masabata a za m'fakitale ankadya ma calorie (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku, n'kunenepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Masabata awiri okha. Zakudyazi n'zofewa, zimatsika msanga, m'mimba musanauze mutu kuti takhuta munthu watha kale paketi. Ndipo timitsempha ta muubongo n'tating'ono kwambiri. BP ndi shuga zikamatiguba zaka 20, timatsekeka pang'onopang'ono popanda ululu uliwonse. Kwa ine zimenezo zakwana. Sindikufunika kudikira kuti akatswiri amalize mkangano wawo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'kumudzi. Ndalama imene ndimatumiza ndikatha kusambitsa agogo a eni ake, ina imathera pa zomwezi. Mwana wa mchemwali wanga akamapita kusukulu amatenga majigizi ndi kabotolo kofiira, chifukwa kutenga mbatata yophika anzake amuseka. Nditapita kutchuthi, mayi anga anandipepesa kuti ndiwo ndi bonongwe ndi nyemba, n'kutuma mwana kukagula masoseji pagolosale kuti mlendo wochokera kunja asanyozeke. Ine ndinali nditakhala chaka chonse ndikulota bonongwe ameneyo! Kuno nyemba ndi masamba ngati amenewo ndi zimene madokotala akuchonderera anthu kuti azidya, kwathu tikuzitcha ndiwo za amphawi.

Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia padziko lonse, ndipo oposa 60 peresenti ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Agogo a kuchipinda chakumapeto aja akadzuka usiku amapeza ine, ndimawagwira dzanja n'kuwabweza pabedi. Agogo a kwathu akapezeka 3 koloko usiku kuseri kwa nyumba ya eni ake, osadziwa kumene ali, osatha kufotokoza, tonse tikudziwa dzina limene amapatsidwa, ndi zimene zimatsatira.

Sindikuweruza munthu. Amene waweruka 8 koloko m'mawa miyendo itatupa sangayambe kusankha nyemba, ndipo paketi ndi yotchipa. Makirisipi sindinasiyiretu, ndisaname. Chimene ndachita n'chakuti tsiku langa lopuma ndimaphika mphika umodzi waukulu wa nyemba ndi wina wa masamba otendera, n'kugawa m'timakontena mufiriji. Kachitini kothamangitsa tulo kaja ndasinthanitsa ndi tiyi, ndipo BP ndayamba kudziyeza ndi makina omwewo amene ndimayezera agogo.

Dzulo ndinawaimbira mayi kuti pa ndalama ya mwezi uno mwana uja azitenga mtedza wokazinga ndi nthochi. Anakhala chete kaye, kenako anandifunsa ngati ntchito ikuyenda bwino, kapena ndalama zayamba kuvuta.