Mphunzitsi wa sayansi woyankhula ndi manja, timupeza kuti?

Abale ndiloleni ndilankhuleko nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima kuyambira holide yathayi.

Mwana wa achemwali anga samva. Anadwala malungo aakulu aja ogwira ubongo ali ndi zaka 4, anachira koma makutu anatsekeka mpaka lero, panopa ali Fomu 3. Mnyamata ameneyu mukamupatsa tochi yakufa, chaja, kaya sola ya pakhomo, amamasula yekha mpaka iyake, moti anthu a m'mudzi amachita kumubweretsera mawailesi oti iye sadzamva kulira kwake, amangoika chala pa sipika nkudziwa kuti yadzuka. Nde tsiku lina ndinatenga kope lake la Physics, manotsi olembedwa mwaukhondo kwabasi, ndinamulozera mawu oti current nkumufunsa ndi timanja tochepa tomwe ndimadziwa kuti chimenechi nchani. Anangopukusa mutu. Munthu woti magetsi amawagwira tsiku ndi tsiku koma sakudziwa kuti zomwe zili mu kopemo ndi zomwe amachita ndi manja akezo ndi chinthu chimodzi. Amangokopera za pa bolodi basi. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Sindikunyoza aphunzitsi ake ayi. A Physics awo ndi munthu wolimbikira, koma chinenero cha manja sachidziwa, sanaphunzitsidwepo. Pasukulupo pali madamu a special needs omwe manja amawatha bwino kwambiri, mtima wawonso ndi wa kholo, koma iwo anachokera ku pulayimale, Physics ndi Chemistry ya Fomu 3 si yawo. Ndiye onani, wodziwa sayansi alibe manja, wodziwa manja alibe sayansi, mwana ali pakati. Madamuwo ali okha ana ambirimbiri, Fomu 1 mpaka 4, sangakhale m'makalasi onse nthawi imodzi, masana ndi pomwe amawasonkhanitsa mu resource room kuyesa kubwereza zomwe iwonso achita kuwerenga usiku.

Ku pulayimale zinthu zimakhalako bwino chifukwa tili ndi sukulu za ana osamva okhaokha, Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay, ndi ina ku Karonga. Kumeneko mwana amakhala pakati pa anzake, amacheza, amakangana, amafunsa. Aphunzitsi ambiri a ntchito imeneyi anadutsa ku koleji ya aphunzitsi a special needs ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo anthu amenewa ine ndimawavulira chipewa. Vuto limayamba mwana akakhoza Sitandade 8 nkupita ku sekondale yosakanikirana ndi akumva, pomwenso sayansi imayamba kulimba.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuphunzitsa mwana wosamva ndi kungomasulira zomwe mukuyankhula, si choncho. Taganizani muli mu labu. Mwana wakumva maso ali pa test tube, khutu lili kwa aphunzitsi, zonse zikulowa nthawi imodzi. Wosamva ali ndi maso okha, akayang'ana manja a aphunzitsi mtundu wa madzi aja wasintha kale iye osaona, akayang'ana test tube kufotokoza kwamudutsa. Mphunzitsi naye manja ake agwira zipangizo nde ayankhula ndi chani? Choncho wodziwa ntchitoyi amayamba wafotokoza, kenako nkuchita, kenako nkuika pansi zonse nkufotokozanso, phunziro la mphindi 40 limafuna nthawi yoposa pamenepo. Sangayankhule atayang'ana ku bolodi, sangaime kumbuyo kuli windo lowala chifukwa nkhope siioneka, madesiki amafunika akhale mozungulira kuti ana azionana wina akamayankha. Zonsezi ndi luso lochita kuphunzira.

Ndiye pali mutu uja wa sound. Ena amangoudumpha ati wosamva amva bwanji. Koma tengani ng'oma, thirani timchenga kapena mpunga pamwamba nkuimenya, mwana aona ndi maso mchenga ukudumpha, aike dzanja amve kunjenjemera. Menyani tuning fork, kachitsulo ka mphanda komwe kamanjenjemera mukakamenya, muviike nsonga m'madzi aone madzi akuthovoka. Mwana wa achemwali anga uja ndi chala chake cha pa sipika anali ataudziwa kale mutu umenewu, chomwe chinasowa ndi munthu womuuza dzina lake.

Chinanso chachikulu ndi mawu. Photosynthesis, molecule, voltage, mawu ngati amenewa ambiri alibe chizindikiro chomwe sukulu zonse zinagwirizana, nde mphunzitsi amangosipela ndi zala chilembo chimodzi chimodzi, mwana nkuloweza zilembo zopanda tanthauzo m'mutu mwake. Kapena amapanga chizindikiro chakechake ndi ana akewo, chomwe mwana akasamukira kwina sichigwiranso ntchito. Musaiwale kuti ana ambiri osamva amabadwa kwa makolo akumva omwe manja sawadziwa, amafika kusukulu mochedwa chinenero chili chochepa, Chingerezi cha mayeso a MANEB kwa iwo ndi phiri lina pamwamba pa phiri. A MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi muno, anagwira ntchito yotamandika potulutsa dikishonale ya chinenero cha manja cha kuno kwathu, pamenepo ndi poyambira pabwino. Chotsatira chikhale mawu a sayansi ndi masamu. Ku Scotland, pa University of Edinburgh, asayansi osamva ndi aphunzitsi amakhala pansi nkupanga zizindikiro za mawu a sayansi, kuzijambula pa vidiyo nkuziika pa intaneti aliyense aone. Ifenso mafoni tili nawo, WhatsApp tili nayo, anthu osamva ophunzira tili nawo, koma tisakatenge za eni akezo nkuziika pa ana athu, chinenero cha manja cha ku Malawi ndi chathu, zizindikirozo zipangidwe ndi osamva eni ake konkuno.

Tsopano pomwe pali mtima wanga penipeni ndi pa ntchito ya mphunzitsiyo. Wachinyamata amene wamaliza ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi kapena ya Nalikule ndi masamu ndi sayansi, chingamukope nchani kuti awonjezere zaka zina kuphunzira manja? Aphunzira ntchito ziwiri, azikonzekera phunziro kawiri, azigwira masana anzake ataweruka, koma mwezi ukatha alandira chimodzimodzi ndi mnzake. Ndikudziwa mmodzi yemwe anadziphunzitsa yekha manja chifukwa chokonda ana, atangoyamba kuthyakula bwino anamusamutsira kusukulu yopanda mwana wosamva ndi mmodzi yemwe, ana aja nkubwerera pomwe anali. Wina anatopa nkupita ku mabungwe, ndipo sindingamudzudzule, naye ali ndi ana ofuna fizi. Ngati ntchito ilibe makwerero anthu amaidutsa ngati pa siteji ya basi.

Maganizo anga ndi oti mphunzitsi wa sayansi wodziwa manja azindikiridwe ngati katswiri, akhale ndi alawansi yake, kukwezedwa kwake kuzioneka, ndipo asamasamutsidwe mwachisawawa kuchoka komwe kuli ana omufuna. M'makoleji a aphunzitsi a sekondale chinenero cha manja chiphunzitsidwe mozama kwa omwe asankha, osati ka wekishopu ka masiku atatu kongophunzira moni ndi zilembo. Omasulira nawo alembedwe ntchito m'sukulu, koma akhale oti sayansi anaiphunzira, chifukwa sungamasulire chinthu chomwe iwe mwini sukuchimva.

Ndipo koposa zonse osamva eni ake akhale aphunzitsi a sayansi. Ku America boma linakhazikitsa mwa lamulo mu 1965 koleji ya zaluso ya anthu osamva, NTID, yomwe ili pa Rochester Institute of Technology, ndipo imaphunzitsanso aphunzitsi a sekondale a ana osamva. Gallaudet University, yunivesite ya anthu osamva ku Washington, ilipo kuyambira 1864. Robert Weitbrecht, wasayansi wosamva, ndi amene mu 1964 anapanga kachipangizo kothandiza osamva kulemberana mauthenga kudzera pa lamya, kale kale SMS isanabwere. Ife sitingamange Rochester mawa, ndikudziwa, koma MUST ili ku Thyolo boma lomwelo lomwe kuli Mountain View, Catholic University ili ku Nguludi pafupi ndi Montfort ndi Maryview, ma technical college a TEVETA ali m'zigawo zonse. Zinthu zili moyandikana kale, kungofunika khomo litseguke ndi womasulira akhalepo. Lamulo la anthu aulumali tinalipanga mu 2012, nde tisamangoti mwana wosamva akamaliza apite ku utelala kapena ukalipentala ngati kuti mutu wake unathera pamenepo. Ntchito zimenezo ndi zabwino, koma asankhe yekha.

Komanso chonde mawu aja oti bubu kapena gonthi tiwasiye, ndi anthu osamva, ali ndi mayina.

Mwana wa achemwali anga alemba MSCE chaka chamawa. Teremu ikubwerayi ndagwirizana ndi mnyamata wina wosamva yemwe amakonza mafoni m'tauni kuti Loweruka lililonse azikhala naye, ine ndizibwera ndi buku la Physics, tiziyesa atatu kulumikiza za mu kope ndi za pa tebulo lake. Ngati pakati panu pali mphunzitsi wa Physics kapena Chemistry wodziwa manja, ngakhale pang'ono, ndilembereni ku inbox, thiransipoti ndilipira ine.