Inu olowetsa chipani pabwalo la milandu, tamverani

Ana anga, ndi inu mafumu amene mwayamba kuyang'ana nsalu imene munthu wavala musanamve mlandu wake, khalani pansi. Galu wamkota sakandira pachabe.

Chikundiwawa ndi ichi. Munthu akalimbirana malire a munda ndi mnzake, sakupitanso kwa nyakwawa. Akuthamangira kwa tcheyamani wa chipani kukanena kuti uja ndi wotsutsa, mawa lake anyamata atulukira ndi zikwanje. Enanu muli pa Facebook ndi pa WhatsApp, "ameneyo angomangidwa basi," mlandu wake osaudziwa n'komwe. Mukuyesa masewera. Ife amene tidakulira m'malire a Dedza ndi Angónia tidaona kumene njira imeneyi imakatsikira.

Mozambique italandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo lidalanda mafumu mphamvu ponena kuti adali zida za Apwitikizi. M'malo mwawo mudalowa alembi a chipani. Mu 1978 kudabwera makhoti a anthu, ndipo sindikana, ena adathandizadi amayi amene kale mawu awo sankamveka pabwalo. Koma nkhondo ndi gulu loukira boma la Renamo, imene idayamba mu 1977, itakolera, chilungamo chidavala yunifolomu. Mu 1979 adakhazikitsa khoti la asilikali lotha kulamula kuti munthu aphedwe. Mu 1983 adabwezeretsa chikwapu, munthu wamkulu kukwapulidwa pagulu ana ake akuona, chilango chomwe chija anthu ankalira nacho m'nthawi ya atsamunda. Chaka chomwecho, pa Operação Produção, anthu zikwizikwi adatoledwa ku Maputo ndi m'mizinda ina n'kukatayidwa ku Niassa ati ndi malova.

Kwa Matsanga, dzina limene anthu ankatchulira asilikali a Renamo, kudalinso zoopsa. Kumene ankalamulira adabwezeretsa mafumu, koma mfumuyo inkaweruza mfuti ili kumsana kwake. Adali ndi amujiba, anthu a m'mudzi momwemo, osonkhetsa ufa ndi kuulula aliyense womuganizira kuti ndi wa Frelimo. Alembi a chipani, aphunzitsi ndi anamwino ambiri adaphedwa, anthu ena adadulidwa makutu, mphuno, milomo.

Tsono apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona chenjezo langa. Msilikali wochokera kutali sadziwa dzina lako, sadziwa khomo lako. Amene amamulozera ndi mnansi. Usiku Matsanga afuna ufa, upereka kuti ukhale moyo. Kukacha asilikali a boma afika, wina wanong'oneza kale kuti ukudyetsa adani. Wonong'onezayo ndani? Uja udamukongoza mbuzi osabweza. Uja ankasirira dimba lako. Uja mlongo wako adamukana. Mlandu umene kale ukadatha ndi nkhuku imodzi pansi pa kachere unkatha ndi maliro, popanda mboni, popanda kufunsa mbali inayo. Othawa nkhondo amene tidawapatsa malo ankatiuza zimenezi akugwetsa misozi, ndipo sadali ochepa: adapitirira 1 miliyoni m'Malawi muno, moti ku Nsanje adachuluka kuposa eni nthaka.

Pa 4 October 1992 pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, a Afonso Dhlakama, adasayina mtendere ku Rome, kenaka lamulo lidakhululukira milandu ya nkhondoyo. Amasiye adabwerera kukatunga madzi pachitsime chimodzi ndi amene adapereka amuna awo.

Musati izi n'za eni. Kuno kudalibe nkhondo, komabe kuyambira 1969 makhoti a mafumu adapatsidwa mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, woimbidwa mlandu osaloledwa loya. Ndi khoti lotero limene mu 1983 lidalamula kuti a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa, koma a Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Ndiye inu a mfumu, tcheyamani akabwera kudzakhala pambali panu pozenga mlandu wa munda, muuzeni mwaulemu akakhale pamphasa ndi anthu ena onse. Inu apolisi, munthu akabwera ndi dzina la mnzake, mufunseni kaye kuti awiriwo adalakwirana chiyani kumudzi. Ndipo iwe mwana amene ukulemba maina a anzako kuti ukapereke kuchipani, ng'amba pepalalo lero dzuwa lisanalowe.